CD Zitatu Pamaso pa Malume a Linesi

Nkhani iyi ndi yamanyazi, moti pamene ndikulemba pano makutu akunditenthabe. Koma poti ku Likhubula anthu amaikamba mokometsera, ena mpaka kunena kuti ndinalira, ndiloleni ndiinene ndekha. Sindinalire ayi. Linali thukuta chabe, kungoti linkadzera m'maso.

Nthawi imeneyo ndinali ndi kashopu pa Chitakale: kutayipa makalata, fotokope, ndi kubena, kapena kuti kulemba, nyimbo pa CD. Makasitomala anga enieni anali madalaivala a minibasi za ku Limbe. Dalaivala ankalowa injini ikulira panja, n'kuti, "Injiniya, za kwaya makumi awiri, fasiti!" Ine posankha liwiro lobenera ndinkangodina nambala yaikulu pa zonse, 52x. Mphindi zitatu CD yatuluka, yotentha ngati chitumbuwa.

Palibe ndi mmodzi yemwe anabwerako kudzadandaula. Nyimbo ikadumpha m'galimoto, ankatukwana maenje a pamsewu, osati ine. Choncho ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti timanambala tating'onoting'ono tija, 4x ndi 8x, anatiikira anthu amantha.

Ndiye panali Linesi. Tinali titapangana kuti ukwati ukhale mu Ogasiti, koma kwathu kuno mawu omaliza amakhala a malume a mkazi. Malume ake, a Namalima, anali kalaliki wopuma ntchito wa ku esiteti ya tiyi, munthu wosaseka wamba. Akwathu atapita kukafunsira, iwo anangoti, "Munthuyo timuone kaye."

Mwayi woti andione unabwera wokha. Kompyuta yawo yakale, imene ankalembera makalata a kumpingo, inadzaza mavairasi n'kuyamba kukwawa.

"Malume akuti ubwere Loweruka udzaikonze," anatero Linesi. "Chonde Gelesomu, usakachite matama."

"Ine matama? Imeneyo ndi ntchito ya theka la ola."

Loweruka m'mawa ndinabena CD ziwiri za pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, yachiwiriyo yongosungira poopa ngozi. Zonse pa 52x. Pamakhala kabokosi kena kamene ukachonga, kompyuta imawerenganso CD yonse kuti ione ngati yalembeka bwino. Kameneko ndinali ndisanakachongepo chiyambire ntchito; ndinkati n'kotayitsa nthawi. Ndinavala shati yoyera, laputopu ndi CD zina ziwiri zosalembapo m'chikwama, ulendo pa kabaza mpaka ku Likhubula.

"Mosheliwa, malume," ndinatero nditagwira chipewa m'manja. Moni wa Chilomwewu ndinauyeserera njira yonse.

"Tadzuka," anandiyankha m'Chichewa. "Kompyuta ndi iyo."

Akazi awo, mayi Namalima, anandipatsa moni n'kubwerera kukhitchini, kumene Linesi ankasuzumira pakhomo. Ndinakopera makalata a mpingo pa fulashi, kenako ndinatembenuka ngati dokotala.

"Tsopano ndifufuta zonse, tiyambire poyera."

"Zonse?"

"Zonse, malume. Musade nkhawa. Izi ndimachita nditatsinzina."

Ndinafufutadi zonse, ndi kuika CD yoyamba. Manambala anayamba kukwera bwinobwino: 10, 30, 50. Ine n'kumagwedeza mwendo. Itafika pa 61 inaima. Panatuluka uthenga woti fayilo ina ikukanika kuwerengeka.

Mtima unangoti phwii. Chiyambire sindinaonepo CD yanga ikukanidwa.

"Yatani?" anafunsa malume.

"Ikupumako pang'ono. Zimatero."

Ndinatulutsa CD ija, kuiuzira mpweya, kuipukuta ndi shati yoyera ija, kuibwezera. Pa 61 pomwepo inaimanso, ngati bulu amene wakana kuwoloka mlatho. Ndinatenga yachiwiri. Imeneyo sinafike n'komwe pa 61. Inathera pa 44.

"Ndi chinyezi cha phirili, malume," ndinatero. "Makina sagwirizana ndi nkhungu."

Malume anadzuka, kukankha katani. Kunja dzuwa linali likuswa mtengo, phiri lonse likuoneka mpaka nsonga.

"Nkhungu yake iti?"

"Ndiye kuti ndi kachipangizo kolowetsera CD aka. Katha ntchito."

"Dzulo lomweli kamatiimbira kwaya."

Anakhalanso pansi, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Tandiuzani, bambo. M'mawa muja kompyutayi imayenda, ngakhale mokwawa. Panopa ikutani?"

"Pakadali pano siikuyenda, malume."

"Ndiye mwaikonza kapena mwaipha?"

Pamenepo shati inali itamatirira kumsana. Koma matama ndi matenda. Ndinatulutsa laputopu ndi CD yatsopano yosalembapo, n'kunena kuti ziwiri zija zinakandika pa kabaza, ndibena ina pompano aone okha. Mayi Namalima anali atabwera ndi tiyi, ndipo anaima kumbuyo kwanga ndi thireyi. Ine osaganizanso, dzanja linapita lokha pa nambala yaikulu. Ndinamva mayiwo akukoka mpweya.

CD yachitatu inaima pa 18.

Kukhitchini kunagwa mbale. Malume anavula magalasi, kuwapinda, kuwaika m'thumba la shati. Ndiye anayankhula kwa akazi awo ngati ine palibepo.

"Ameneyutu ndi amene akuti adzasunga mwana wa mlongo wanga."

Ndinaona ukwati wanga ukutuluka pakhomo. Ndinachita mantha enieni, oti ngakhale bodza lina lokhudza nyengo linakana kubwera.

Mayi Namalima anatula thireyi patebulo.

"Bambo, pepani kulowerera za akatswiri. Paja pobena mwasankha nambala yanji?"

"Yaikulu, mayi. Kuti zifulumire."

"Nanga ziwiri zoyambazo?"

"Chimodzimodzi."

Anagwira pakamwa. "CD ya pulogalamu? Mayo ine! Ndiye simunachongenso kabokosi koti iwerengenso?"

Ndinangoti kukamwa yasa. Mayi amene ndinkawaona ngati ongodziwa za tiyi ndi mbatata ankadziwa za kabokosi kanga. Zinapezeka kuti anali taipisiti mu ofesi ya esiteti zaka zambirimbiri, ndipo mwezi uliwonse ankasunga mafayilo a ofesi pa CD. Linesi sanandiuzepo, ndipo mpaka lero amati sindinafunse.

"Nyimbo ikalembeka molakwika pang'ono imangodumpha, anthu n'kumavinabe," anandifotokozera modekha, ngati akuphunzitsa Sande sukulu. "Koma pulogalamu ikasowa kachidutswa kamodzi kokha, yonse yaima. Makamaka CD zotchipa ngati zanuzi, ndi makina okalamba ngati athuwa. Zimafuna pang'onopang'ono. Ndi kalongonda ameneyu, bambo, nyemba zija zofuna kuwiritsa tsiku lonse. Mukamuphula msanga mudwalitsa nyumba yonse."

Kenako anati, "Tasunthani."

Ndinasuntha. Anapukuta manja pachitenje, kukhala pampando wanga, kutenga CD yanga yomaliza. Anasankha 4x, nambala ya amantha ija, n'kuchonga kabokosi.

Abale, mphindi makumi awiri zimatalika. Ine ndinakhala pakampando ka m'mbali, manja pakati pa mawondo. Malume sankayang'ana laputopu, ankayang'ana ine. Tiyi anazizira m'kapu, ndipo ndinkachita manyazi ngakhale kumeza malovu. Itatha kubena inayambanso kuwerenga, mphindi zinanso. Mumtima ndinkapemphera zinthu ziwiri zotsutsana: kuti itheke, ndi kuti ikanikenso pang'ono kuti ndisaoneke chitsiru ndekha.

Mayiwo anaiika m'kachipangizo komwe ndinati katha ntchito kaja. 18 inadutsa. 44 inadutsa. Pa 61 sinatsokomole n'komwe. Inakafika pa 100, kompyuta n'kuyaka bwinobwino, yachangu ngati yatsopano. Ntchito imene inanditsalira ine Injiniya inali yobwezera makalata a pa fulashi, ndipo mayiwo anaimabe pambali kuonetsetsa.

Malume anandiperekeza mpaka pamsewu, manja ali kumbuyo. Kabaza ataima, anandicheukira.

"Nkhani ya Linesi sitinakane," anatero.

Mtima unabwerera m'malo. Ndinayamba kuthokoza, koma anakweza dzanja.

"Paja inu mumati ukwati liti?"

"Ogasiti yemweyu, malume."

"Ayi. Taona mmene mumagwirira zinthu zikakhala zachangu. Imeneyi tiiyendetsa pa nambala yaing'ono imene asankha mayi anu aja. Mubwere Ogasiti wa chaka chamawa, ndipo kabokosi kaja tidzachonga."

Pofuna kupulumutsa mphindi makumi awiri, ndinaluza chaka chathunthu.