A Makoko ndi Mithethe Iwiri

A Makoko sankatha kudutsa khoko la nyemba osalifunsa kwawo. Wina akaona khoko pansi amaliponda n'kumapita. Iwo ankagwada pakati pa msewu, n'kulitola, n'kumaligwedeza pakhutu, madalaivala akutukwana mpaka kusasa mawu. Dzina lawo lenileni linalembedwa pachitseko cha ofesi, koma palibe amene ankavutika kuliwerenga.

Ankagwira ntchito m'nyumba yosungiramo zomera zouma, chipinda chachitali chonunkha mankhwala a njenjete, chodzaza makabati achitsulo. Masamba, maluwa ndi makoko ankazipanikiza m'manyuzipepala akale, zikauma n'kuzimata pamapepala olimba. Womatayo anali Mayi Guluu, amene anapirira nawo mkuluyu zaka makumi awiri, ndipo kumwamba kukakhala mphoto ya opirira, mayiwa akakhala kutsogolo.

Kwa a Makoko, zomera zonse zobala makoko zinali mtundu umodzi waukulu, ndipo ntchito yawo inali kudziwa kuti ndani anabadwa ndi yani. Nandolo ndi khobwe ankati ndi apachibale. Chimtengo cha mlombwa ankalumbira kuti ndi mbale wake wa mtedza. Makabati ankawasanja motsata ubalewo, ndipo tsoka kwa wosokoneza.

"Mayi, ndani waika bwemba pamwamba pa nandolo?"

"Ndangosanjika pang'ono, abambo, ndikusesa."

"Kusesa! Inuyo atakugonekani bedi limodzi ndi mlendo chifukwa choti akusesa, mungakondwe?"

Tsiku lina a Makoko anapita kumsonkhano wa akuluakulu ali ndi makoko a chitedze m'thumba la jekete. Kutatentha, anakoleka jeketeyo pampando wa bwana watsopano. Pasanathe mphindi khumi bwanayo anali akudzikanda ngati mbuzi pakhoma, tayi ili uko, nsapato ili uko.

"Pepani bwana, musamukwiyire," anatero a Makoko mofatsa. "Ndi msuweni wake wa nyemba. Banja lililonse lili ndi chidakwa chake."

Akazi awo nawo ankabwera kudzadandaula kwa Mayi Guluu. "Amuna angawa zomera zikwi zinayi amazidziwa ndi azakhali awo omwe. Koma dzulo apatsa moni mlamu wawo ngati wogulitsa inshuwalansi!"

Mavuto anabwera m'kalata. Akatswiri akunja anapera masamba, n'kuwayeza m'makina owerenga chibadwa, ndipo anapeza kuti mthethe wa minga yowongoka ndi mthethe wa minga yokhota ngati mbedza si a bere limodzi ayi. Uliwonse unayenera kupatsidwa dzina latsopano ndi kabati yakeyake. Koma mithethe iwiriyi a Makoko anaisunga m'kabati imodzi kuyambira tsitsi lawo lili lakuda.

"Makina aperekenso ukwati, aphwanyenso banja?" anakalipa. "Ine ndili moyo, ayi."

Bwana, amene anali asanaiwale za chitedze, sanalimbane ndi munthu wotsala pang'ono kupuma pantchito. Anaitana Mayi Guluu. "Alendo odzayendera ofesi ino akubwera kumapeto kwa mwezi. Akapeza mithethe ili pamodzi, ndifuna womata wina womvera." Mayiwa anatuluka n'kubwerera kumakabati aja. Anali wamasiye wa ana atatu, ndipo ntchito ina yomata masamba ouma sakanaipeza kwina kulikonse.

Apa inayambika nkhondo yopanda mawu. A Makoko akapita kukadya masana, Mayi Guluu ankasamutsira minga yokhota kukabati yakumapeto. M'mawa ankaipeza yabwerera kwawo, ndipo mkuluyu ali pheee akumwa tiyi.

"Mwadzuka bwanji, mayi?"

"Ndadzuka, abambo. Kaya anthu oyendayenda aja?"

"Afika bwino, zikomo."

Zinatero masabata atatu. Sabata lachinayi a Makoko anagwa pamasitepe a ofesi, mtima utawatembenukira, ndipo anawagoneka kuchipatala. Kwa nthawi yoyamba panalibe wobweza mapepala aja, koma n'zodabwitsa kuti Mayi Guluu manja anawalemera. Anatsegula kabati, n'kuitsekanso. Kunali kutatsala masiku anayi kuti alendo afike, ndipo ntchito yawo inali pachiswe, komabe kubera munthu wodwala anakuona kuti n'chipongwe.

Mayiwa atapita kukawazonda, a Makoko anali atafookeratu, koma pakamwa panali pomwepo.

"Mwawalekanitsa?"

"Ayi, abambo."

"Ndinu opusa. Mukufuna ana adye guluu? Kawalekanitseni." Anapuma kaye. "Anyamata akunja aja akunena zoona. Ndinaona ndekha pagalasi zaka khumi zapitazo. Minga ya uyu imamera patsinde pa tsamba, ya mnzakeyo imangomera pakhungu."

Mayi Guluu anapsa mtima mpaka kuiwala kuti ali m'chipatala. "Zaka khumi! Nanga mwatizunziranji chonchi?"

"Anthu akhala chipinda chimodzi nthawi yonseyi, mayi, osapatsana ngakhale dontho la magazi. Ndiye ine ndikawauze kuti si abale?"

A Makoko anawayang'ana mayiwo nthawi yaitali. Mayi Guluu anangowakonzera bulangete.

A Makoko anamwalira mawa lake. Mayi Guluu analekanitsa mithethe ija atabwerako koika maliro, ndipo ntchito yonse inatenga mphindi makumi awiri basi. Alendo anabwera, anadutsa makabati onse osatsegula ndi imodzi yomwe, n'kufunsa kumene kuli chimbudzi.

Lero m'chipinda chija zonse zili m'malo mwake, mayina amalembedwa ndi kompyuta, ndipo palibe amakalipira munthu. Mayi Guluu amamata mapepala makumi asanu patsiku, pamene kale ankathera pa khumi. Bwana amawayamikira kwambiri, ndipo iwo akamva kuyamikirako amapita kuseri kwa kabati yakumapeto kukalira.