Kondowole Wonunkhira Sopo

Nkhani iyi ngakhale bambo a Tadala sakuidziwa. Iwo mpaka lero amakhulupirira kuti sokisi ya mwana wathu inapezeka kunsi kwa bedi, ndipo ine sindinawatsutsepo. Koma chinthu chosunga pamtima chimalemera ngati mtolo wa nkhuni zaziwisi, ndiye ndati ndikuuzeni inu amene simundidziwa nkhope, mundiweruze bwinobwino.

Ife kwathu ndi ku Ntchisi. Kuno kufupi ndi Kande tinabwera chifukwa bambo a Tadala anawatumiza kudzaphunzitsa pa pulayimale. Ine satifiketi yanga ya za bizinesi inkangogona m'sutikesi, mpaka pamene gulu la amayi opanga ufa wa kondowole linafuna munthu woyang'anira ubwino wa katundu. Ufawo amaupakira m'matumba n'kumatumiza ku Mzuzu kwa bambo wina wa golosale, a Gondwe. Amayi a gululo ananditenga mondiyesa kaye: ndikagwira bwino, komiti indilemba ntchito, ndikalephera, satifiketi ibwerere m'sutikesi muja.

Ndinayamba ntchito mutu uli wodzaza. Ku koleji tinaphunzira njira ina yotchedwa TQM, imene imati ubwino wa katundu, kapena kuti kwalite, si ntchito ya munthu mmodzi wonunkhiza thumba pomaliza, koma ya aliyense, kuyambira wosenda chinangwa mpaka wosoka thumba. Amayiwo anandimvetsera mwaulemu, ena akugwedeza mutu, ndipo tisanaweruke anali atandipatsa kale dzina loti Madamu Kwalite. (Ndinalitenga ngati ulemu. Panopa ndimakayika.)

Ndinapachika limu yakale ya galimoto mumtengo wa mango, n'kunena kuti aliyense akaona cholakwika aziimenya, tonse tiziima ntchito mpaka titakonza. Ndinawauzanso kuti pa gulu pano sitidzafunsanso kuti walakwa ndani. Tizifunsa kuti chifukwa chiyani, ndipo yankho likabwera tizilifunsanso chifukwa chiyani, mpaka tifike pa muzu wa vuto. Limu ija inavutika masiku oyamba. Inalira chifukwa cha nkhuku yoponda pathandala, inalira chifukwa cha mtambo, ndipo tsiku lina Anyachirwa, mayi wosefa ufa amene pakamwa pake sipazizira, anaimenya chifukwa tiyi anachepa shuga. Anati nayenso ndi kwalite.

Lamulo limene linandidanitsa ndi anthu linali la m'chipinda chopakira. Ndinati mmenemo muzilowa ufa, matumba, manja osamba ndi mutu wa duku basi. Ana ayi.

"Madamu," anatero Anyachirwa, mdzukulu wawo ali kumsana, "nanga anzathu oyamwitsawa, bere azilivula pakhomo pamodzi ndi nsapato?"

Ine ndinayankha kuti lamulo lilibe mbale. Ndinkayankhula motero chifukwa kunyumba kunali alamu anga amene ankandisungira Tadala. Mvula itayamba, alamuwo anabwerera ku Ntchisi kukadzala, ndipo ndinayamba kubwera ndi mwana ngati wina aliyense, kumusiya pamphasa pansi pa mango paja n'kumakamusuzumira pafupipafupi. Ndine mayi wa mantha, ndivomere. Tadala akayetsemula ndimamugwira pamphumi, akagona kwambiri ndimamudzutsa kuti ndione ngati akupuma.

Tsono linafika Loweruka lina. Amayi onse anali atapita ku msonkhano wa Umanyano, bungwe la amayi a mu mpingo, ku Chintheche, koma a Gondwe ankafuna katundu wawo Lolemba. Ine, pofuna kuti komiti indione kuti ndine wodzipereka, ndinati ndipakira ndekha. Bambo a Tadala anali atapita ndi ana a sukulu ku mpira. Mvula ya kuno, inu a kumtunda simungaimvetse, siidziwa kuti munthu wachapa. Inali itagwa sabata yonse, zovala za mwana zonse zili nyowe, iyenso ali ndi kachimfine.

Ndinatenga mwana kumsana, zovala zonyowa mujumbo, ulendo kuntchito. Nditafika ndinaona kuti malo ouma ndi ofunda ndi amodzi okha, chipinda chopakira. Ndinadziuza kuti lamulo limanena za ana osokoneza, ndipo Tadala anali mtulo. Ndinamanga chingwe kuchokera pazenera kukafika pamtanda, pamwamba penipeni pa matebulo amene tinayalapo ufa, n'kuyanika matewera, timalaya, tisokisi. Mazenera ndinatseka kuti mwana asawombedwe ndi mphepo. Muyenera kudziwanso kuti ine pochapa za mwana ndimathira sopo wa ufa wonunkhira maluwa mosaumira, n'kuwonjezera madzi aja onunkhiritsa zovala. Ndinapakira tsiku lonse ndikuimba, kusoka matumba, kuanula zovala, n'kubwerera kunyumba ndikudziyamikira.

Kunyumbako ndi pamene ndinaona kuti sokisi imodzi yachikasu palibe, imene amayi anga analuka ndi manja awo. Ndinafufuza paliponse. Nditawaimbira foni amayi, anati chovala cha khanda sichisowa chokha, ndisamale ndi anthu amene ndikugwira nawo ntchito. Basi, tulo tinatha. Ndinayamba kuwerenga nkhope, ndipo nkhope imene inkandibwerera inali ya Anyachirwa, amene ndinawabweza pa nkhani ya bere ija. Sindinaganize n'komwe kuti tsikulo iwo anali ku Chintheche. Kuyambira pamenepo, akati amunyamule Tadala ndinkati wangogona kumene, ngakhale mwanayo akuwasekerera maso ali gwa.

Pasanathe masiku ambiri, matumba aja anabwerera pa minibasi. A Gondwe anaimbira wapampando wathu, Anyamanda, mayi wamkulu wa mu mpingo amene salankhula kawiri, kuti makasitomala awo akubweza ufa. Akuti kondowole wake akaphika akununkhira ngati munthu wopita ku ukwati. Anati atipatsa mpata umodzi wokha, zikachitikanso akapeza ena. Komiti yoti iweruze za ntchito yanga inali itatsala pang'ono kukhala pansi.

Mukuganiza kuti ndinazindikira? Ayi ndithu. Ine ndinatsimikiza kuti vuto ndi la kuchigayo, kapena wina wadzola mafuta n'kugwira ufa. Ndinathamangira pa mango, n'kumenya limu ija mwamphamvu moti mpaka asodzi osoka ukonde kumadzi anatembenuka. Amayi anasonkhana, Anyachirwa akubwera pomaliza chifukwa anali atayamba kale kusefanso ufa wobwerawo. Ndinaima kutsogolo n'kuwauza kuti lero aona mmene TQM imagwirira ntchito.

Tinadutsitsa ufa m'mbale kuti aliyense anunkhize. Onse anakwinya mphuno. Utafika kwa ine ndinanunkhiza, ndipo ndinanena mokweza kuti sindikumva kanthu. (Ndikanamva bwanji? Nyumba yanga yonse, nsalu yanga, mwana wanga, zonse zimanunkha chomwecho.) Anyachirwa ananunkhiza mbale ija, kenako anasendera pafupi nane ngati akufuna kukonza duku langa, n'kukoka mpweya pang'ono paphewa panga. Anangokhala pansi.

Ndinafunsa funso loyamba, kuti ufa ukununkhira chifukwa chiyani. Anati chifukwa unakhala pamodzi ndi chinthu chonunkhira, poti ufa wa chinangwa umakoka fungo ngati siponji. Ndinafunsa kuti unakhala nacho kuti. Anati kuchigayo sikungakhale, chifukwa ufa wina wogayidwa tsiku lomwelo uli bwinobwino. Ndiye kuti ndi m'chipinda chopakira. Mayi wina anatembenuza thumba, kuyang'ana kasokedwe kake, n'kunena kuti awa ndi matumba a Loweruka la mvula lija.

Apo ndi pamene ndinazindikira. Ndinaona chingwe chija m'maso mwanga, matewera akudontha fungo pa ufa. Mayi yemwe uja anayamba kufunsa kuti kodi Loweruka limenelo anapakira ndani, koma Anyamanda anakweza dzanja n'kumuletsa m'Chitonga.

"Awa, ama. Madamu anatiphunzitsa kuti ndani sitifunsa. Pitirizani, Madamu, chifukwa chiyani winanso."

Ndinapitiriza, mawu akutuluka ngati a mwana wa nkhuku. Chinthu chonunkhira chinalowa m'chipinda chifukwa chiyani? Anyachirwa anayankha akuyang'ana m'mwamba kuti mwina kunja kunali mvula, ndipo munthu anafuna poyanika. Munthu angayanike zovala kuntchito chifukwa chiyani? Wina anati zovala za wamkulu zimadikira dzuwa, koma za khanda sizidikira. Khanda lingapezeke m'chipinda chopakira chifukwa chiyani? Apa anayankha ambiri nthawi imodzi, Chitonga ndi Chichewa kusakanikirana, kuti chifukwa pa gulu pano mwana malo ake ndi pansi pa mango, ndipo mango si denga. Mmodzi anaulula kuti mvula ikagwa amabisala ndi mwana kuseri kwa matumba. Wina anati iye amangojomba, n'chifukwa chake chinangwa chimachedwa kusendedwa. Zonsezi ine woyang'anira sindinkazidziwa.

Palibe amene anandiyang'ana. Chimenecho ndicho chinandiwawa kwambiri, gulu lonse la anthu kuyang'ana mtengo, nkhuku, zikhadabo zawo, kupatula ine. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti ndine, koma Anyamanda anandidula n'kundifunsa ngati muzu tawupeza. Ndinati tawupeza. Anati basi, tikonze muzuwo.

Tinagwirizana kumanga kakhonde kofolera bwino kuseri, kotalikirana ndi ufa, kokhala ndi mphasa ndi chingwe choyanikira, ndipo amayi azisinthana kukhala ndi ana. Amuna awo anabweretsa mitengo, malata akale anachokera kwa Anyamanda. Ufa wonunkhira uja tinapatsa nkhumba za Anyachirwa, amene kwa masiku angapo ankauza aliyense kuti m'khola mwawo muli akwatibwi. Ine ndinkalawirira m'mamawa kukasenda chinangwa chobwezeretsa katundu wa a Gondwe, mpaka manja anatuluka matuza, ndipo anthu ankanditama kuti ndine wakhama. Sindinawatsutse.

Katundu watsopano anapita ku Mzuzu ndipo sanabwerere. Komiti inakhala pansi n'kundilemba ntchito. Anyamanda pondiuza anati chimene chawasangalatsa n'chakuti njira yanga imagwira aliyense mosasankha. Ananena nkhope ili yowongoka, ngati akuwerenga vesi.

Tsiku lomwelo poweruka Anyachirwa anandiitanira pakakhonde paja. Anamasula mfundo ya pansonga ya nsalu yawo n'kundiika m'manja sokisi yachikasu, yochapidwa bwino, yopindidwa.

"Inatsala pasefa tsiku lija, musanamenye chitsulo," anatero. "Ndaichapa ndi sopo wa mtanda, wosanunkhira. Mwana asamayende phazi limodzi lozizira."

Ndinasowa poyang'ana. Mayi amene ndinkamuganizira za ufiti anakhala ndi umboni m'nsalu msonkhano wonse, akuyankha mafunso anga limodzilimodzi. Ndinangoti yewu, zikomo wa Chitonga, kenako ndinamasula Tadala kumsana n'kuwapatsa. Anamulandira n'kufunsa ngati lero sanangogona kumene.

Kunyumba ndinauza bambo a Tadala kuti sokisi inali kunsi kwa bedi, amayi anga ndinawauza chimodzimodzi. Sopo uja ndimagulabe, ndisaname, koma tsopano ndikamalowa m'chipinda chopakira ndimavala nsalu ina imene imakhala komweko. Chingwe cha pakhonde chija amayi amachitcha chingwe cha Madamu, ndipo alendo akabwera kudzaona gulu lathu amaganiza kuti n'chifukwa ndine ndinabweretsa nzeruyo.

Ndiye ndiuzeni inu. Lamulo loti tisafunse ndani ndinalibweretsa ndine, ndipo linagwira ntchito: ana ali pouma, ufa ukununkha ufa. Koma munthu woyamba kubisala kuseri kwa lamulolo ndinenso. Kodi ndinachita bwino kukhala chete poti muzu unapezeka, kapena ndipite mawa ndikamenye limu ija, ndiwauze chinthu chimene onse akuchidziwa kale?