Ulendo wa tambala wa pachinkhoswe cha Yamikani

Ndiyambe ndavomera ndekha, musanamve kwa akazi anga amene amathira mchere wambiri pa nkhani. Mpaka chaka chatha, ine munthu wa imvi mbuu, ndinkakhulupirira kuti tambala amalira chifukwa waona kuwala. Ndinkati ukamuphimba kumutu, kwa iyeyo kunja sikucha. Amene anandiuza bodza limeneli ndili mwana anamwalira kalekale, apo ayi ndikanamuimbira foni.

Nkhani yake ili chonchi. Mwana wa mlongo wanga, Yamikani, amene amagwira ntchito pachipatala ku Indianapolis, anapeza mbeta, ndipo chinkhoswe anachiika Lamlungu masana ku Beech Grove. Malume ake ku America kuno ndine ndekha, ndiye unkhoswe unagwera ine. Tsono pachinkhoswe, kwa amene munaiwala, akuchimuna timapereka tambala, akuchikazi n'kutibwezera msoti. Achinyamata a kuno amangogula nkhuku yootchaotcha m'sitolo, ya m'kabokosi ka pulasitiki, yopanda mutu, yosadziwika ngati inali yamphongo kapena yaikazi. Ine ndinakana. Pafoni ndinawauza ankhoswe akuchikazi, a Nyirenda, kuti, "Ife kwathu sitipereka mtembo. Ndibwera ndi tambala woyenda ndi miyendo yake."

A Nyirenda anangoseka kaseko kapansipansi, n'kunena kuti, "Tidzaona, bambo."

Kaseko kameneko ndi kamene kanandipha. Kuyambira pamenepo kunalibenso kubwerera. Kufika chimanjamanja kukanakhala kuvula banja lathu lonse pagulu.

Akazi anga ananyamuka Lachisanu ndi mwana wathu Chisomo, m'galimoto yabwino, kukagona kwa abale ku Speedway. Chisomo anati andibukitsire hotela m'tauni. Ndikanavomera, koma panali mnzanga a Kamwendo. A Kamwendo ndi mkulu mnzanga wa kutchalitchi kuno ku South Bend, munthu woti kathumba kamodzi ka tiyi amakayanika pawindo kuti akagwiritsenso ntchito mawa. Iwowo ndiwo anati, "Achimwene, hotela n'zachiyani? Tinyamuke Loweruka pa yanga, tisiye msewu waukulu, tidutse m'midzi. Dziko tiliona, tambala timugula kwa alimi, tigona potchipa. Tsiku lomwelo holide, tsiku lomwelo mwambo."

Ndinamva ngati nzeru. (Sukulu ndinalekeza Sitandade 4, koma a Kamwendo anafika Fomu 2, ndiye mlandu waukulu ndi wawo.)

Dziko tinaliona, sindikana. Chimanga kumanja, chimanga kumanzere, chimanga kutsogolo. Mukatopa ndi chimanga akupatseni soya, kenako chimanga. Kunja kukutentha, ine thukuta kamukamu, ndikati ndiyatse kamakina koziziritsa a Kamwendo amandimenya dzanja. "Kamamwa mafuta kameneko. Tsegulani windo, mphepo ndi yaulere." Kamba wathu anali mbatata yophika, buledi wa chiponde ndi tiyi wa m'fulasiki amene mtundu wake unali wongoganizira.

Tambala tinamupeza kwa alimi aja a ndevu oyenda pa ngolo za akavalo. Anali chitambala chofiira, chachifuwa, chondiyang'ana ndi diso limodzi ngati wapolisi wa pamsewu. Mlimiyo anafuna kutigulitsanso kakhola ka waya, koma a Kamwendo anachita kudumpha. "Khola la chiyani? Ndili ndi katoni m'butimu." Tinaboola mabowo, tinamulowetsa, ulendo.

Madzulo tinafika pa kamotelo kena ka m'mbali mwa msewu. A Kamwendo anakasankha chifukwa chimodzi chokha: m'mawa amapereka chakudya chaulere. Pakhomo panali chikwangwani choletsa ziweto.

"Nanga apa?" ndinafunsa.

"Nkhuku si chiweto," iwo anatero. "Nkhuku ndi ndiwo. Pali pamene alemba kuti ndiwo n'zoletsedwa?"

Tinalowa nayo katoni nditaifunditsa jekete. Chipinda chimodzi, bedi limodzi, akuluakulu awiri a zidzukulu. Za mkonono wa a Kamwendo sindinena, ndi nkhani ya kubwalo lina. Ine ndinachita zanga za ukatswiri: ndinavula sokosi, ndinadula kansonga kuti azipuma, ndinamuveka tambala kumutu, ndinaika katoni m'bafa, n'kutseka mpata wa pansi pa chitseko ndi thawulo. Mdima wake woti ngakhale mfiti ikanapempha tochi.

"Ameneyu kwake kucha Lachiwiri," ndinawauza a Kamwendo monyada.

M'bandakucha analira. Abale, tambala wa m'sokosi, m'katoni, m'bafa, m'mdima. Ndipo bafa la matailosi limakweza mawu ngati tchalitchi. Analira kachiwiri, kachitatu, kenako wina m'chipinda chinacho anayamba kumenya khoma. Ndinathamangira kukamugwira mlomo, ndipo pochita phuma ndinagunda mpopi, madzi n'kuthira katoni yonse.

Posakhalitsa kunagogoda mayi woyang'anira malowo, tsitsi lili nyankhalala. A Kamwendo anatsegula ataigwira foni m'manja, n'kumufotokozera m'Chingelezi chawo cha Fomu 2 kuti ndi alamu chabe, kwathu ku Africa timakonda alamu ya tambala. Mayiyo akuyang'ana foni yomwe inali zii, tambala anayankha yekha kuchokera m'bafa.

Apa ndi pamene ndinamudziwa mnzanga. Munthu amene timakhala naye benchi imodzi Lamlungu lililonse anatembenuka, n'kundiloza ndi chala. "Ndi wa awa."

Anatitulutsa chakudya chaulere chisanafike patebulo. Ndinavala suti yanga ya chinkhoswe mothamanga, sokosi imodzi kuphazi, inayo ili kwa tambala. Ndipo m'galimoto wokwiya anali iwowo.

"Mwandidyetsa njala, achimwene. Mazira aulere aja ndinawawerengera."

"Anati nkhuku ndi ndiwo ndani?"

"Anati sokosi imagwira ntchito ndani?"

Tinayenda mpaka dzuwa litakwera. Kenako ndinati tiime, mbalame imwe madzi, isakafe ndi ludzu n'kukapereka mtembo womwe ndinaukana uja. A Kamwendo anapakinga m'mbali mwa munda. Ndinamuvula sokosi, anamwa, ndinamubwezera m'katoni. Nditanyamula katoni, pansi pake ponyowa paja panangoti phwa. Tambala anatera pansi, anandiyang'ana kamodzi, n'kulowa m'chimanga.

Inu amene munazolowera minda ya kwathu, yoti ukaima pachulu umaona malire, musayerekeze. Munda wa ku Indiana ulibe chulu, ulibe mtengo, ulibe malire. Chimanga chake chimakupitirira msinkhu, ndipo mzere uliwonse ndi mapasa ndi unzake.

"Tiyeni, a Kamwendo."

"Ine ndilondere galimoto."

Galimoto yake yoti wakuba akaiba angaibweze ndi chipepeso.

Ndinalowa ndekha, ndi suti. Usiku kunali kutawaza, ndiye matope anali a katondo weniweni. Ndinamuitana m'Chichewa, sanamve. Ndinamuitana m'Chingelezi, poti ndi mbadwa ya kuno, sanamvenso. Masamba akundicheka kumaso, nsapato zikulemera, ine ndikungoona nkhope ya a Nyirenda ndi kaseko kawo kaja. Ndinafika popemphera, ndipo ndinachita manyazi kumuuza Mulungu chimene ndinkafuna.

Anadziulula yekha. Analira, mizere ingapo kumanzere kwanga. Ndinanyang'ama, ndinavula jekete, ndinadziponya ngati goloboyi. Jekete inagwira tambala, ndipo thalauza linalankhula kumbuyo, kuyambira palamba mpaka pansi.

Tsopano msewu unali kuti? Ndinakuwa, "A Kamwendo, imbani hutala." Kutali ndinamva mawu awo: "Imatha batire. Tsatirani mawu anga." Ndinawatsatira, ndipo ndinawapeza atakhala pamthunzi wa galimoto, akumalizitsa mbatata yanga.

Ku Beech Grove tinafika anthu atakhala kale m'holo. Thalauza ndinalimanga ndi mapini amene ndinapempha kwa amayi ena pakhomo, jekete ndinaivala ndi nthenga zake zomwe. Ana obadwira kuno anandizungulira ndi mafoni, akufunsana m'Chingelezi ngati chinthucho n'chenicheni. Akazi anga atandiona anangotseka maso ngati akupemphera. Koma ine ndinayenda chifuwa patsogolo, msana kukhoma, tambala kukhwapa. Itakwana nthawi ndinagwada bondo limodzi mosamala, chifukwa cha mapini, n'kunena kuti, "A Nyirenda, uyu ndi tambala wa kwa Yamikani. Wabwera ndi miyendo yake, ndipo ine ndi mboni kuti imagwira ntchito."

Anthu anaomba m'manja, amayi analuluta. Ndinati basi, ndapambana.

A Nyirenda anamulandira ndi manja awiri, anamuyamikira kunenepa, kenako anakodola mwana wawo. Mnyamatayo analowa ndi kakhola ka waya kokongola, m'kati muli msoti wamoyo. Kani atamva kudzitama kwanga pafoni paja, nawonso anatuma munthu kwa alimi.

"Uyu ndi wanu, bambo, monga mwa mwambo," anatero. Kenako anatsitsa mawu mwaulemu, koma maikolofoni ili pakamwa. "Tsono tambalayu talandira ndi mtima wonse. Kungoti ife timakhala m'nyumba yosanja ya lendi, eni ake salola ngakhale mphaka. Mutisungire inu, paja muli ndi galaja."

Ndinayang'ana Yamikani. Anayang'ana kudenga. Nayenso ndi wa nyumba yosanja. Ndinayang'ana Chisomo, ndipo anandiuza ndi maso kuti m'galimoto yake simulowa nthenga. Pagulu nkhoswe sakana kusunga katundu wa apongozi. Ndinayankha kuti, "Palibe vuto," mano ali gwa.

Ndiye ndinabwerera ku South Bend pa galimoto ya a Kamwendo yomwe ija, windo lotsegula, msoti m'kakhola, tambala pamiyendo, mapini akundikumbutsa za moyo pa bampu iliyonse. A Kamwendo njira yonse ankangofunsa ngati msotiwo ukayamba kuikira adzapatsidweko mazira, poti galimoto ndi yawo. Mpaka lero sanapepese. Akuti wolakwa ndi amene anapanga katoni.

Nditasintha zovala n'kukazitsekera nkhuku m'galaja, ndinalowa m'nyumba n'kupeza akazi anga akuyang'ana thalauza lija poliunika pa getsi, nkhope yawo ikuonekera mbali inayo.

"Nenani zonse zimene mukufuna, mayi," ndinatero, "koma mwambo tausunga."

Analipinda thalauzalo bwinobwino, analiika pampando, n'kundiponyera bulangete.

"Bambo a Chisomo, kagoneni komweko ndi alendo anuwo. M'mawa aneba akabwera ndi apolisi, ine ndidzangowauza kuti m'galajamo muli atambala awiri, ayambe atenga wopanda nthengayo."