Ming'alu Yanga ndi Nkhono ya Tiyamike

Nkhani iyi ndinalumbira kuti ndidzafa nayo, koma poti Tiyamike wayamba kuiulutsa m'maukwati, bola ndidziyalutse ndekha.

Tiyamike ndi mwana wa achimwene anga, amaphunzira za miyala ku yunivesite. Chaka chatha mu Juni anabwera kwathu ku Lizulu kudzamalizitsa pulojekiti yake. Juni wa kuno sanyengerera mapazi. Ine wokhalira kukumba kachewere, ming'alu yanga inali yoti njere ya chimanga n'kubisalamo.

Tsiku lina ndikusesa m'chipinda mwake, ndinaona kamwala pawindo. Kopiringizika ngati nkhono, kolemera, ka mizere yokhakhala. Ndinati mwana uyu ngakhale ndi wa m'tauni, mwala wotsukira mapazi amaudziwa! Ndinapita nako kubafa.

Abale inu, kanali katswiri. Masiku atatu, m'mawa ndi madzulo, ine kukwecha basi.

Tsiku lachinayi ndinapeza Tiyamike akutembenuza matiresi, thukuta lili kamukamu.

"Azakhali, mwaionako fosilo yanga?"

"Fosholo ili kudimba."

"Ayi, nkhono ya m'nyanja yamchere imene inasanduka mwala! Mtundu wake unatha anthu asanakhaleko. Anandibwereka ndi alekichala. Ndiyenera kuwerenga nthiti za pachigoba chake, ndi timinga take, kuti ndidziwe kuti ndi ya banja liti."

"Nthitizo n'zofunika kwenikweni?"

"Ndiye mayeso akewo! Popanda zimenezo digiri palibe."

Ndinapita kubafa mwakachetechete, n'kukakatenga pambali pa sopo. Kanali see, kusalala ngati dzira.

Tiyamike anakatembenuza uku ndi uku. "Azakhali, nthiti zili kuti?"

Ndinangotukula chidendene. Chinali kuwala ngati cha mkwatibwi.

Mwanayo analira, ine manyazi anandigwira. Mwayi wake, anali atakajambula pa foni tsiku lofika, moti nthitizo anawerengera pa zithunzi. Koma alekichala anafuna kumva kwa wolakwa, ndiye ndinapepesa pa foni nditagwada, ngati akundiona.

Alekichalawo anati, "Mayi, nkhono imeneyi yatha kawiri: koyamba m'nyanja, kachiwiri kubafa kwanu. Nanga mapaziwo achira?"

"Achira, bambo. Kodi mulibe ina?"

Foni inaduka pomwepo.

Mwala ukaupeza pawindo, dziwa kuti uli ndi mwini wake.