Loko amene ananditsekera m'nyumba ndi apongozi

Anzanga, mukandiona ndikusisita m'thumba kawiri katatu ndisanatseke chitseko, musamati mkuluyu mutu wayamba kuzungulira. Ndinalumidwa kale ine. Ndipo chondiluma sichinali njoka kapena chinkhanira, anali loko amene ndinasankha ndekha, ndi maso anga awiriwa, dzuwa likuswa mtengo mumzinda wa Tete.

Inali nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ija. Ndinali nditatsika kuchokera kwathu ku Angonia n'kuyamba uphunzitsi, ndiye mwamwayi anatipatsa nyumba m'pulediyu, nyumba zosanjikizana zija anasiya Apwitikizi. Yathu inali pansanja yachitatu: chipinda chimodzi, pabalaza, kakhitchini, ndi bafa lomwe linalinso chimbudzi. Ine, mkazi wanga Rozina, ndi kamwana kathu Tereza kamene kanali kasanayambe kuyankhula, tinkadzimva ngati mabwana. Vuto linali chitseko. Loko wake anali waulemu kwambiri, sankakana munthu. Kiyi aliyense wa m'pulediyumo ankamutsegula, ngakhale chogwirira cha supuni akachinyengerera bwino.

Ndiye anatulukira apongozi, mayi ake a Rozina. Anabwera ndi koluna, mndandanda uja wa magalimoto operekezedwa ndi asilikali, atanyamula kaphukusi kamodzi basi. Za kumudzi sanafotokoze zambiri, anangoti kwaipa.

Inu mukudziwa mwambo wakwathu. Mkamwini ndi apongozi saonana maso ndi maso, sadyera pamodzi, sayankhulana mwachindunji, ndipo mukakumana panjira wina amapatukira kutchire. Kumudzi n'zosavuta, tchire lilipo. Nanga pansanja yachitatu mungapatukire kuti? Tinakonza kuti iwo azigona kuchipinda ndi Rozina ndi mwana, ine pabalaza. Pobwera kuntchito ndinkatsokomola katatu pamasitepe kuti athawire kuchipinda, mpaka anthu oyandikana nawo anayamba kundiuza mankhwala a chifuwa.

Koma mayi aja mtima sunakhale pansi. Dzuwa likangopendeka ankakoka mtondo n'kuutsamiritsa kuchitseko, ndipo wina akaponda mwamphamvu pamasitepe ankadzidzimuka. Patapita masiku ochepa anauza mwana wawo kuti abwerera ndi koluna ya Lolemba. Ndinamupeza Rozina kukhitchini akulira mosatulutsa mawu.

"Bambo a Tereza, amayi akabwerera kumene kuja sindidzawaonanso," anatero. "Akuti pano akukusowetsani mtendere, ndiponso chitseko chathuchi sichisiyana ndi nsalu."

Kunena zoona, zinandipweteka. Za mtenderezo sindinazilabadire, ine ndinangogwira mawu a chitseko. Ndinati basi, ndikapeza loko woti ngakhale njovu ibwerere, mayiwa agona tulo ndipo Lolemba lidutsa ali pompano.

Loweruka m'mamawa ndinali kale kwa a mesitiri Jakopo, mkulu wina amene ankakonza maloko ndi mapulaimasi pansi pa mtengo wa msawu pafupi ndi msika. Anandionetsa loko wooneka bwino ndithu. Paja kwathu mphunzitsi aliyense amatchedwa pulofesoro.

"Pulofesoro, tengani uyu. Mkati ali ndi kabatani, mukangopotoza watseguka."

"Nanga wakuba akaswa kagalasi ka pamwamba pa chitseko n'kulowetsa mkono?"

"Wakuba wa mkono wotalika ngati nsungwi?"

Ine maso anali atagwera kale pa chiloko china chakuda chimene chinali pansi, cholemera ngati mwala woperera. A mesitiri anapukusa mutu.

"Ameneyo anali pa chitseko cha aramazeni, mosungira matumba. Chitseko chikangoti phwa, wadzikiya yekha. Mkati mulibe pogwira, poti matumba satuluka okha. Kunja ndi mkati ndi shavi basi, kiyi tinene, ndipo shavi yake ndi imodzi."

"Ndiye ameneyo!"

"Dikirani Lolemba, ndikusulireni ina, ndidzakuikireni ndekha."

Lolemba? Tsiku la koluna? Ndinawauza kuti munthu wophunzitsa ana kugawa ndi kuchulukitsa sangalephere kuika loko. Paja akuti ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo, koma mwambiwu ndinaukumbukira madzulo ake.

Ndinagwira ntchito m'mawa wonse, apongozi ali phee kuchipinda ndi mwana. Ndinaboola, ndinasema, ndinamanga, kenako nzeru zina zinandibwerera: bwanji wakuba akabwera ndi chomasulira? Ndinatenga nyundo n'kuphwanya mitu ya zomangira zonse kuti pasadzapezeke wozimasula padziko lino. Ndili mkati modzitama choncho, kunamveka mfuu pansi kuti kusitolo ya koperativa kwafika sopo. Masiku amenewo mukamva sopo simufunsa kawiri, mumathamangira pabisha, pamzere paja, mwina n'kutha tsiku lonse muli chiimire. Rozina anasiya mwana ndi agogo ake chifukwa cha dzuwa. Ine, pofuna kuoneka mwamuna, ndinamuimitsa pakhomo n'kumupatsa kiyi uja ngati ndikumuveka mendulo.

"Mwini nyumba ndiwe, sunga."

"Nanga inu?"

"Ndisiya chitseko chotsegula, ndisambe, ndikazungulire kwa anzanga mpaka ubwere."

Anamangirira kiyi pansonga ya chitenje n'kuthamanga. Ine buluku ndi malaya zinali zitayera ndi utuchi, ndiye poona kuti pakhonde palibe munthu, ndinavula msangamsanga, kukutumula, kuyanika pachitsulo cha pakhonde pafupi ndi nyundo ndi zida zina, n'kuthamangira kubafa ndi kabudula wamkati yekha. Chitseko ndinachitsinkha ndi nsapato imodzi. Nsapato imodzi, anzanga, kulimbana ndi mphepo ya mwezi wa Okutobala ya ku Tete!

Ndangodzithira madzi kachiwiri, ndinangomva phwaaa! Kenako kamawu kakang'ono, kaulemu: kete.

Ndinaima ndi chikho m'manja ngati chipilala. Buluku kunja. Kiyi kubisha. Zovala zina m'sutikesi, sutikesi kuchipinda, kuchipinda kuli apongozi. Kabudula uja ndinali nditamuviika kale m'beseni. Pamsomali wa kubafa panali chitenje cha Rozina cha maluwa ofiira akuluakulu. Mukanakhala inu mukanatani?

Ndinanyang'ama mpaka kuchitseko nditamanga chitenje m'chiuno. Ndinayesa ndi mpeni, mpeni wathu umodzi wokhawo, unathyoka. Supuni imene inkamvana ndi loko wakale inapindika. Ndinapita pawindo kuti ndiitane mnansi wathu, bambo Fulansisiku, mwakachetechete, osadziwa kuti pampopi wa pansi padzaza amayi otunga madzi, ena mwa iwo makolo a ana anga a kusukulu. Mmodzi anakweza maso, kenako onse.

"Eee, pulofesoro! Lero mwatchena!"

Posakhalitsa pulediyu yonse inali pakhomo panga ndi makiyi. Anayesa wina, anayesa wina, osatheka. Ndisaname, pakati pa manyazi onsewo kamtima kena kankanyadira kuti mwaona, loko ndi ameneyu. Bambo Fulansisiku anati, "Kamarada, dekhani, bola tiyambe ndi buluku." Anatsika nalo pansi, analikulunga ngati mpira, n'kuliponya kuwindo. Buluku lija linatambasuka m'malere bwinobwino n'kukakola pawaya wa magetsi, miyendo ili lendelende, tauni yonse ikuona. Anatuma mayi wina kukamuitana Rozina, ndipo anabwera ndi yankho loti auzeni apirire, ndayandikira kutsogolo, sopo sindimusiya.

Apo amuna anaganiza zothyola. Anayamba kumenya chitseko ndi nyundo yanga yomwe, ena ndi mapewa, gu! gu! gu! uku akufuula. Ine ndinkawalimbikitsa, mpaka ndinazindikira kuti kuchipinda kwati zii. Ngakhale mwana samamveka. Chitseko cha kuchipinda chinali chotsegula pang'ono, ndipo ndinachita chimene mkamwini sachita, ndinasuzumira. Pabedi panalibe munthu. Pansi pa bedi ndinaona mapazi awiri ong'aluka zidendene.

Kuseka konse kunandithera pomwepo. Mayi aja anali atakumbatira mdzukulu wawo pansi pa bedi, dzanja lili pakamwa pa mwana. Ine wofuna kuwagonetsa tulo ndinali nditawabweretsera nkhondo pansanja yachitatu. Ndinathamangira kuchitseko n'kukuwa kuti siyani, siyani msanga, tidikira kiyi. Kenako ndinakhala pansi kunja kwa chipinda, msana kukhoma. Ndiwauza bwanji, poti sitiyankhulana? Ndinatsokomola katatu, mwa chizolowezi, kenako ndinati:

"Tereza, mwana wanga, uwauze agogo ako kuti si nkhondo. Ndi uchitsiru wa bambo ako chabe."

Kenako ndinamva kukwawa, ndi mawu otsika kwambiri.

"Tereza, uwafunse bambo ako, amenya chitsekowo ndani?"

"Tereza, uwauze kuti ndi anansi. Loko watitsekera, kiyi wapita ndi amako."

"Tereza, uwafunse, loko wagula ndani?"

"Tereza... uwauze kuti funso limenelo n'lovuta."

Ndinamva kaphokoso kachilendo, ndinayesa akulira. Ayi, ankaseka, atatseka pakamwa ndi nsalu. Chibwerereni ndinali ndisanawamvepo akuseka.

Tereza, munthu wosadziwa ngakhale kunena kuti mama, anagwira ntchito ya unkhoswe tsiku lonse. Kudzera mwa iye ndinapempha sutikesi, ndipo inatuluka m'chipinda ikukankhidwa ndi tsache, poti apongozi sangagwire zovala za mkamwini. Nditatsegula ndinakumbukira kuti buluku linalo lili kwa telala. Munali jekete la ukwati lokha. Ndinavala jeketelo pamwamba pa chitenje, m'chitungu chija, thukuta kamukamu. Itafika nthawi yoti iwo adutse kupita kubafa, ndinakaima pakona nkhope kukhoma, nditadziphimba kumutu ndi lichero. Podutsa anati, "Tereza, uwauze bambo ako kuti chitenje sitimangira kumeneko, chigwa."

Masana anakankha kapu ya madzi ndi kambale ka mtedza mpaka pakhomo la chipinda. Tinakhala choncho, iwo mkati, ine kunja, misana yathu italekanitsidwa ndi khoma, mwana akukwawa uku ndi uku. Ndiye anayamba kuyankhula, osati mokweza.

"Tereza, ukuona kiyi ali m'khosi mwangayu? Ndi wa nyumba yanga. Tsiku lothawa ndinakiya bwinobwino, ndinayesanso kawiri. Titatuluka kutchire ndinakapeza loko ali paphulusa, wokiya momwe ndinamusiyira. Loko analipo, nyumba ndiye panalibe. Amako sindinawauze."

Apo m'pamene ndinamvetsa. Anali akubwerera Lolemba kunyumba imene kulibe, pongoopa kundipanikiza ine m'nyumba mwanga! Ndipo ine, mphunzitsi wathunthu, ndinkaganiza kuti nkhani ndi chitsulo. Ndinapukuta maso ndi nsonga ya chitenje cha eni ake.

"Tereza," ndinatero, "uwauze agogo ako kuti amayi anga anamwalira ndili mwana. Uwauze kuti kutsokomola pamasitepe sikunditopetsa. Ndikhoza kutsokomola mpaka kukalamba."

Anangokankhanso kambale ka mtedza kaja kuti kandiyandikire.

Rozina anafika dzuwa litapendeka, mtanda wa sopo uli m'manja, anthu atadzaza masitepe onse ngati pali msonkhano. Anamasula kiyi pachitenje, analowetsa, kete, chitseko chinatseguka mosavuta ngati sichinalakwepo. Anthu anaona pulofesoro wawo ali tsonga pansi, jekete la ukwati pamwamba, maluwa ofiira pansi, lichero pambali, mwana ali m'tulo pamiyendo. Amayi a pampopi aja anachita kululutira. Patapita zaka Rozina anaulula kuti sopo anamulandira masana ndithu, koma anakakhala kwa mnzake ku Degue dala, akuti asiyeni aphunzire kukhalira limodzi. Mukuona akazi amene timakwatirawa?

Lolemba linafika. Ndinadzuka mtima uli m'mwamba, ndikumvetsera ngati kaphukusi kaja kakumangidwa. Rozina analowa kuchipinda n'kufunsa mwamantha kuti amayi, nanga koluna? Ine ndinali pabalaza, khutu lili kukhoma.

"Tereza, uwauze amako kuti sindipita. Bambo akowa si munthu womusiya yekha ndi chitseko."

Tsiku lomwelo a mesitiri Jakopo anasula kiyi wachiwiri, akuseka mpaka kutsamwa. Woyamba uja apongozi anamulanda n'kumumangirira pachingwe cha m'khosi, pambali pa kiyi wa nyumba yopsa ija. Anakhala nafe mpaka nkhondo inatha, n'kupitirira, ndipo tsiku lililonse ndikatsokomola katatu pamasitepe ndinkamva kete, chitseko chatseguka, mapazi akuthamangira kuchipinda.

Chingwe cha makiyi awiricho chili kwa ine tsopano, anandisiyira kudzera mwa Tereza yemweyo. Koma chichokereni tsiku limenelo ndinalumbira, ndipo lumbiro lake ndikusungabe: loko sindisankhanso ndekha, ndipo buluku langa, ngakhale litade bwanji, limagona mbali imodzi ya chitseko ndi mwini wake.