Zikomo Chifukwa cha Khofi wa Syafrizal

Kwa Bwana Mwini Mabasi Obiriwira,
Padang.

Bwana wolemekezeka,

Ndine Buyuang Tamar, nkhalamba yoimba nthano m'maukwati, bambo wake wa Syafrizal, dalaivala wanu. Kusukulu sindinapondeko, ine ndikuyankhula, mnansi akulemba. Ndangobwera kudzathokoza.

Choyamba, zikomo pomuchotsa m'chipinda chogona madalaivala. Anzake ankati mkonono wake ukugwetsa nalimata kudenga. Tsopano kudepoti amagona yekha m'basi, popanda womugwedeza mpweya ukaima. Pajatu umaima, Bwana. Ine ntchito yanga ndi ya makutu, ndimakudziwa kukhala chete kokometsera nthano. Kwa mwana wangayu si kumeneko ayi. Amaliza mkonono, kuliza, kuliza, kenako zii! Kunyumba mkazi wake Yusnidar amachita kumugunda ndi chigongono, amvekere, "Bambo a ana, bwererani kuno, anawa sanakule!" Iye n'kudzambatuka ngati wovuulidwa m'madzi.

Chachiwiri, khofi waulere. Mutamva kuti amasinza pachiwongolero simunachedwe: kapu pa siteji iliyonse, mkaka wotsekemera wa m'chitini mpaka supuni kuima yokha. Adokotala amene anamupeza ndi shuga akuti matenda awiriwa, shugayo ndi kuima mpweya m'tulo, ndi pachibale. Ati mpweya ukamadukaduka m'tulo thupi limachita mantha, shuga n'kukwera. Munthu akamanenepa, kukhosi n'kumapanikizika. Koma adokotalawo alibe ngakhale basi imodzi, angadziwe chiyani? Inu mwadyetsa abale onse awiri ndi kapu imodzi. Nyerere za kuchimbudzi kwathu nazo zati ndikupatseni moni.

Chachitatu, tinapempha usiku umodzi wokha kuti akagone kuchipatala amuyeze kapumidwe. Kapitawo wanu anati, "Madala, mwaonapo kuti munthu akupempha tchuthi chokagona?" Nzeru zimenezo! Ndipo tulo take anatipezadi, osajomba n'komwe: sabata yatha, ali pachiwongolero potsika makhotakhota a phiri la Sitinjau Lauik, basi itadzaza. Kondakitala ndiye anakuwa mpaka kumudzutsa. Okwera onse anakumbukira Mulungu tsiku lomwelo, zimene aimamu athu akhala akuzilephera kwa zaka.

Pempho langa ndi laling'ono, Bwana. Za kuchipatala zisiyeni. Loweruka Syafrizal atsikanso phiri lomwe lija, ndiye mutipatse ulemu wokhala pampando wakutsogolo, pambali pake. Khofi mumwera limodzi. Mukaona mutu ukuwerama musavutike kuitana kapitawo. Chigongono muli nacho.

Ine wanu wogwada,
Buyuang Tamar
(chidindo cha chala)