Botolo la Thovu la Malemu a Telala

Anthu ankanong'ona kuti m'botolo la a Telala munali mankhwala, ena mpaka ankati moyo wawo weniweniwo unali momwemo. Ine ndinkatsutsa pakamwa pokha, chifukwa nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi awiri singakhale ndi masaya osalala ngati a khanda popanda chowathandiza.

Tinkagwira ntchito pakhonde limodzi, iwo pa makina osokera, ine pa nsapato zong'ambika. M'mawa uliwonse asanakhudze ulusi ankapita kumpopi kuseri kwa sitolo, thaulo lili paphewa. Kupopa kawiri, kutikita m'manja, kenako thovu mbee nkhope yonse, kungotsala timaso. Akatero ankawerenga mokweza mpaka makumi asanu ndi limodzi. Kasitomala akabwera ndi changu ankangomuuza kuti, "Dikirani, thovu likugwira ntchito." Mkwati wina anadikirapo thalauza lake pampopi pomwepo, kutchalitchi anthu atayamba kale kuyimba.

Zonsezo ndikanapirira. Koma tsiku lina mayi wogulitsa tomato ali pakhondepo, mayi amene nsapato zake ndinkazisoka ndi ulusi wapadera, a Telala anandiyang'anitsitsa nati:

"Achimwene, tandibwerekani nkhope yanuyo ndiisite. Makala akadali moto m'simbimu."

Mayi uja anaseka mpaka kukhala pansi. Pofika masana msika wonse unkanditcha a Makwinya. Ndinalumbira kuti bambo ameneyu andiona.

Ndinadikira milungu itatu. Atapita kukagula mazipi, ndinakhuthulira za m'botolo lawo m'kabotolo kanga, m'mwawomo n'kuthiramo sopo wamadzi wotsukira mbale. Mumtima ndinati nkhopeyo ichite mamba ngati nsomba, tione wofunika kusita ndani.

Kunyumba ndinayamba nanenso. M'mawa thovu, madzulo thovu. Linkandilowa m'maso, ine n'kumawerengabe misozi ili chuchuchu. Akazi anga anaima pakhomo la bafa, manja m'chiuno.

"Kodi mwapeza wina?"

"Ndikusamalira khungu."

"Khungu lake liti? Limenelo linapuma kale pantchito."

Mwezi unatha. Ine makwinya ali pomwepo, kuwonjezerapo kuyabwa. A Telala nkhope kumangowala, n'kumanunkhiza thovu lija pamaso panga amvekere, "Ayi, zinthu zakunja n'zakunja basi." Ndinkaluma mano mpaka kudzibaya ndi singano.

Kenako anadwala. Milungu iwiri yokha anatisiya, makina aja n'kuwaphimba nsalu. Khonde linakula mosayenera. Panalibenso wondinyoza, ndipo ndinapeza kuti nsapato sizisokeka bwino ukakhala wopanda womukwiyira. Mayi wa tomato ankangodutsa ndi moni wouma. Apa m'pamene zonong'ona zija zinandibwerera m'mutu: ngati moyo wawo unalidi m'botolo, ndiye kuti ine ndinausukusulira m'bafa mwanga.

Ndinalephera kudya masiku atatu. Tsiku lachinayi ndinatenga kabotolo kaja, mutatsala pang'ono, n'kupita kwa akazi awo. Ndinagwada mawondo akulira, n'kuulula zonse.

Anatsegula, n'kununkhiza. Kenako anaseka mpaka kutsamira chitseko.

"Alamu, dzukani, anthu angaone. Sopo weniweniyo mwana wathu anawagulira kamodzi kokha, anatha chaka chomwecho. Chiyambire ankangoba wanga wa mbale n'kumathira m'botolomo. Tinkakangana daily ngati ana."

"Nanga nkhope ija?"

"Yakumtundu. Amayi awo anapita nayo kumanda yosalala chomwecho."

"Nanga matendawo?"

"Shuga, alamu. Zaka khumi akubisa mapiritsi pansi pa matiresi."

Ndinatuluka ndi mkwiyo watsopano. Munthu uyu anandisukusulitsa sopo wa mbale mwezi wathunthu, kawiri patsiku, ndipo wathawira kumene sindingakamubwezere.

M'botolo muja munalibe mankhwala alionse. Munali sopo wa mbale.